Ma quarterback achinyamata mu NFL ndi atolankhani owadzudzula: mafunso ndi mayankho

Aliyense woyamba kutsatira NFL, ligi yaikulu ya mpira wa ku America, amadabwa msanga ndi chinthu chimodzi. Mnyamata amene mu Epulo ankamutcha mpulumutsi wa timu, pofika Okutobala anthu omwewo akukambirana pa wailesi ya kanema zoti timuyo imutaye. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerezedwa kwambiri pa nkhaniyi.

1. Kodi quarterback ndi ndani?

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo. Ikakhala ndi mpira, quarterback ndiye woyendetsa zonse. Amamva malangizo a mphunzitsi pa kawailesi ka m'chisoti chake, n'kuuza anzake chochita, kenako amayang'ana mmene otchinga a timu inayo aimira. Akaona kuti pulani yawo yadziwika, amaisintha pomwepo mofuula. Mpira ukafika m'manja mwake amakhala ndi masekondi awiri kapena atatu oti apeze mnzake amene ali poyera n'kumuponyera, kwinaku zimphona za makilogalamu oposa 120 zikukankhana ndi omuteteza kuti zimugwetse.

Mawu atatu abwera pafupipafupi m'mayankhomu. Touchdown ndi kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo, ndipo imapatsa timu mapointi 6. Interception ndi pamene mpira woponyedwa wawakhidwa ndi mdani. Sack ndi pamene quarterback wagwetsedwa asanaponye.

2. N'chifukwa chiyani iyeyo ndiye amadzudzulidwa kuposa anzake?

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Iye amagwira mpira pafupifupi nthawi iliyonse, kamera imakhala pa iye, ndipo akalakwitsa aliyense amaona. Womuteteza akaphonya munthu wake, oonera ambiri sazindikira n'komwe. Amangoona quarterback ali chagada. Ku America anazoloweranso kulemba kupambana ndi kugonja kwa timu pa dzina la quarterback, ngati kuti ankasewera yekha.

Palinso kalendala. Matimu 32 a NFL amasewera magemu 17 okha pa sizoni, imodzi pa sabata. Masiku otsalawo mawailesi, manyuzipepala ndi masamba a pa intaneti amasowa cholankhula, ndipo palibe nkhani yokoka anthu kuposa ya quarterback watsopano. Malamulo a ligi amamukakamizanso kuyankha mafunso a atolankhani gemu ikatha ndiponso mkati mwa sabata, ndiye mawu ake ndi nkhope yake zimasanduka nkhani ina pazokha.

3. Bwanji anyamata aluso kwambiri amayambira m'matimu ofooka?

Ndi mmene draft imayendera. Chaka chilichonse mu Epulo matimu amasinthana posankha osewera ochokera m'mayunivesite, ndipo timu imene inathera pansi ndiyo imasankha koyamba. Cholinga chake n'chabwino: kuti ligi isakhale ya matimu ochepa okha. Koma zotsatira zake n'zakuti mnyamata wa zaka 21 kapena 22 amagwera m'timu yopanda omuteteza odalirika, yopanda owakha mpira aluso, ndipo nthawi zambiri yokhala ndi mphunzitsi amene ntchito yake ili pafupi kutha.

Mu 2023 Carolina inkafuna Bryce Young, ndipo kuti ipeze mwayi wosankha koyamba inapereka ku Chicago mipata ingapo ya draft pamodzi ndi DJ Moore, wowakha mpira wake wodalirika kwambiri. Young anafika m'timu yovulidwa kale. Anagwetsedwa maulendo 62, mphunzitsi Frank Reich anachotsedwa atangotsogolera magemu 11, ndipo timuyo inapambana kawiri kokha sizoni yonse. Chaka chotsatira Caleb Williams anagwetsedwa maulendo 68 ku Chicago, ndipo sizoni isanathe anali atataya mphunzitsi wamkulu ndi mphunzitsi woona za kagoletsedwe. Trevor Lawrence mu 2021 anaona Urban Meyer akuchotsedwa ku Jacksonville atatsogolera magemu 13. Baker Mayfield anadutsa m'manja mwa aphunzitsi akuluakulu anayi m'masizoni atatu oyamba ku Cleveland. David Carr, mu 2002 ku Houston, anagwetsedwa maulendo 76, ndipo ambiri amakhulupirira kuti mantha a chaka chimenecho sanamuchoke.

Wodzudzula amene satchula zimenezi wasiya theka la nkhani.

4. Kodi n'zoona kuti kudzudzulako kumayamba asanasewere n'komwe?

N'zoona. Draft isanachitike anyamatawa amapita ku Indianapolis kukayezedwa msinkhu, liwiro, ngakhale kukula kwa dzanja. Mu 2022 dzanja la Kenny Pickett, la mainchesi 8.5, linakambidwa kwa milungu. Joe Burrow ananenedwanso za dzanja mu 2020, koma sizoni yake yachiwiri anafikitsa Cincinnati ku Super Bowl, gemu yomaliza yolimbirana chikho cha ligi. Bryce Young ankamunena za kufupika, poti ndi wa masentimita pafupifupi 178. C.J. Stroud anafalitsidwa mu 2023 kuti sanakhoze bwino mayeso ena oyesa kufulumira kwa maganizo. Miyezi ingapo pambuyo pake anasankhidwa kukhala wopambana pa osewera atsopano a mbali yogoletsa.

Choipa kwambiri pa nyengo imeneyi ndi mawu a anthu osatchulidwa mayina. Mtolankhani amalemba kuti mkulu wina wa timu ina wati mnyamatayu ndi wodzimva, ndipo mnyamatayo alibe woti amuyankhe. Zoterezi zinachuluka pa Shedeur Sanders mu 2025, amene ankayembekezeka kusankhidwa koyambirira koma anatengedwa ndi Cleveland pa nambala 144. Tizikumbukira kuti matimu amanamizana dala pa nthawiyi. Timu yofuna mnyamata ikhoza kumuipitsira mbiri kuti matimu osankha patsogolo pake amulumphe.

5. Kodi odzudzulawa ndi ndani kwenikweni?

Si gulu limodzi, ndipo n'kulakwa kuwaika m'thumba limodzi. Pali atolankhani otsatira timu imodzi tsiku ndi tsiku. Awa amaonera zokonzekera, amakumana ndi wosewerayo maso ndi maso, choncho amasamala polemba. Pali osewera akale, monga Dan Orlovsky wa wailesi ya kanema ya ESPN, amene amaimitsa kanema n'kuonetsa kumene mpira unayenera kupita. Pali owerengera ziwerengero, monga a PFF, amene amapatsa wosewera malikisi pa zimene wachita nthawi iliyonse.

Ndiye pali mapulogalamu a mkangano: First Take ya Stephen A. Smith pa ESPN, Undisputed imene Skip Bayless ankayendetsa pa FS1, ndi pulogalamu ya Colin Cowherd. Apa ntchito yake si kuphunzitsa mpira. Anthu awiri amakhala patebulo, wina n'kutenga mbali iyi wina iyo, ndipo amene walankhula mokokomeza ndiye kachidutswa kake kamafalikira pa intaneti. Kunena kuti "tidikire kaye zaka ziwiri" sikukoka oonera.

Kuwonjezera apo, kuyambira 2018, pamene khoti lalikulu la America linachotsa lamulo loletsa kubetcha pa masewera m'zigawo zambiri, oonera ochuluka amakhala ataika ndalama pa gemu. Munthu woluza ndalama chifukwa cha interception salankhula mwaulemu, ndipo amalembera wosewerayo mwachindunji.

6. Kodi kale kunali kudekha kuposa masiku ano?

Kunyoza kunalipo kalekale, koma matimu ankachedwa kutaya munthu, ndipo chifukwa chimodzi ndi ndalama. Mu 2010 Sam Bradford, asanasewereko ngakhale kamodzi, anasaina kontirakiti ya madola 78 miliyoni ndi St. Louis Rams. Timu yolowetsa ndalama zotere inkakakamizika kupirira. Mu 2011 ligi ndi bungwe la osewera zinagwirizana zochepetsa malipiro a atsopano, ndipo Cam Newton, wosankhidwa koyamba chaka chimenecho, analandira madola 22 miliyoni pa zaka zinayi.

Izi zinasintha zinthu kuwiri. Kutaya quarterback wachinyamata kunatchipa: Arizona inasankha Josh Rosen pa nambala 10 mu 2018, chaka chotsatira n'kumugulitsa ku Miami itatenga Kyler Murray. Komanso matimu anayamba kuona zaka zinayi kapena zisanu zoyambazo ngati mpata wopambanira chikho quarterback akadali wotchipa, ndalama zotsalazo zikugula osewera ena. Mphunzitsi ndi bwana wa timu amadziwa kuti alibe nthawi, atolankhani nawonso amadziwa, ndiye wotchi imayamba kuwerengedwa pa gemu yoyamba.

Mnzake wa draft yomweyo akachita bwino, moto umakula. Young ankayerekezedwa ndi Stroud sabata iliyonse, Williams ndi Jayden Daniels, amene m'chaka chake choyamba anafikitsa Washington gemu imodzi yokha kuti ilowe mu Super Bowl.

7. Kodi sizoni yoyamba imaonetsadi tsogolo la munthu?

Imaonetsa zochepa kuposa mmene mapulogalamu amanenera. Peyton Manning anaponya ma interception 28 mu 1998 ndipo Indianapolis inapambana magemu 3 mwa 16; chaka chotsatira inapambana 13. Troy Aikman anagonja magemu onse 11 amene anayamba mu 1989, kenako anatengera Dallas ma Super Bowl atatu. Jared Goff anagonja magemu onse 7 mu 2016, koma atabwera mphunzitsi Sean McVay, munthu yemweyo anafika ku Super Bowl patangotha zaka ziwiri. Josh Allen mu 2018 ankafikitsa kwa mnzake mipira 53 yokha mwa 100 iliyonse, ndipo akatswiri ambiri ankati vuto limeneli silichiritsika. Mu 2020 anafika pa 69. Buffalo inamusungira aphunzitsi omwewo n'kumugulira wowakha mpira Stefon Diggs, ndipo mu sizoni ya 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi yonse.

Koma tisanamizane kuti aliyense woyamba moipa adzadzuka. Ryan Leaf, wosankhidwa motsatana ndi Manning, anaponya ma touchdown 2 ndi ma interception 15 chaka choyamba ndipo sanadzukenso. JaMarcus Russell anasankhidwa koyamba mu 2007, n'kutayidwa ndi Oakland mu 2010. Vuto n'lakuti mu Novembala wa chaka choyamba ziwerengero za amene adzadzuke ndi amene sadzadzuka zimafanana kwambiri. Wonena motsimikiza pa nthawi imeneyo akungolosera.

8. Nkhani ya "mizukwa" ya Sam Darnold imene imatchulidwatchulidwa ndi yotani?

Unali usiku wa Lolemba mu Okutobala 2019, New York Jets ikusewera ndi New England Patriots, dziko lonse likuonera. Darnold, wa zaka 22, anali atangochira ku matenda amene anamujombetsa magemu atatu, ndipo anamuveka maikolofoni. Otchinga a Bill Belichick, mphunzitsi wa Patriots, ankaunjikana kutsogolo ngati onse amuthamangira, mpira ukayamba ena n'kubwerera m'mbuyo, ulendo wina n'kubweradi onse. Darnold anayamba kuponya mopupuluma, phazi lili m'mbuyo, mpira n'kumagwera m'manja mwa adani. Atakhala pa benchi anauza anzake kuti akuona mizukwa, kutanthauza kuti akumva ngati akuthamangitsidwa ngakhale pamene palibe womuthamangitsa. Ndi mawu amene osewera amauzana nthawi zonse, ndipo ndi chizindikiro cha munthu amene akuzindikira vuto lake. ESPN inawaulutsa. Jets inagonja 33 kwa 0, iye ataponya ma interception anayi.

Mphunzitsi wake Adam Gase anakwiya kuti mawuwo anatuluka, koma anali atatuluka basi. Kwa zaka zisanu Darnold akalakwitsa paliponse, zithunzi za mizukwa zinkadzaza pa intaneti. Jets inamugulitsa ku Carolina mu 2021, ndipo mu 2023 anali wa pa benchi ku San Francisco. Mu 2024 Minnesota inamutenga ngati wogwirizira chabe. Ali ndi mphunzitsi Kevin O'Connell ndi wowakha mpira Justin Jefferson, anaponya ma touchdown 35 ndipo timu inapambana magemu 14 mwa 17. Magemu awiri omaliza sanayende, ndipo mizukwa ija inabwereranso m'kamwa mwa anthu tsiku lomwelo. Mu Malichi 2025 Seattle inamupatsa kontirakiti ya zaka zitatu ya madola pafupifupi 100 miliyoni.

Nkhaniyi imandipweteka chifukwa mnyamatayo analangidwa pa kunena zoona kwa anzake. Si yekha amene anadzuka atasamuka. Geno Smith, wotayidwanso ndi Jets, anakhala zaka zambiri pa benchi asanawale ku Seattle mu 2022, ndipo Mayfield anaponya ma touchdown 41 ku Tampa Bay mu 2024.

9. Kodi khungu la munthu limalowapo pa kudzudzulaku?

Limalowapo, ndipo mbiri yake ndi yaitali. Kwa zaka zambiri akuluakulu a mpirawu ankakhulupirira kuti munthu wakuda akhoza kuthamanga koma sangatsogolere kapena kuganiza msanga. Marlin Briscoe anaponya ma touchdown 14 ku Denver mu 1968, koma kuti apitirize ntchito anasanduka wowakha mpira ku Buffalo. Warren Moon sanasankhidwe ndi timu iliyonse mu 1978. Anapita ku Canada, anapambana zikho zisanu zotsatizana ndi Edmonton, ndipo mu 1984 ndi pamene Houston inamutenga. Doug Williams ndiye anakhala quarterback wakuda woyamba kupambana Super Bowl, mu Januwale 1988 ndi Washington. Mu 2003 Rush Limbaugh ananena pa ESPN kuti Donovan McNabb amatamandidwa mopitirira muyezo chifukwa atolankhani akufuna quarterback wakuda achite bwino, ndipo patangopita masiku ochepa anatula pansi udindo.

Maganizowa sanafe, anangosintha mawu. Mu 2018 Bill Polian, amene anayendetsapo matimu angapo, ananena kuti Lamar Jackson asinthe malo akhale wowakha mpira. Jackson anali atatenga Heisman, mphoto yaikulu ya mpira wa m'mayunivesite, mu 2016, komabe anasankhidwa pa nambala 32. Mu Seputembala 2019 Baltimore itakwapula Miami 59 kwa 10, iye ataponya ma touchdown asanu, anauza atolankhani kuti si zoipa kwa munthu amene amati ndi wothamanga chabe. Sizoni imeneyo anatsogola ligi ndi ma touchdown 36 ndipo ovota onse anamusankha kukhala wosewera wopambana. Anatenganso mphotoyo mu 2023.

Zinthu zasinthako: mu Febuluwale 2023 Patrick Mahomes ndi Jalen Hurts anakumana mu Super Bowl yoyamba yokhala ndi ma quarterback akuda mbali zonse. Koma mvetserani mawu otamandira. Wina akamangotchedwa "wanzeru" ndi "wolimbikira", mnzake "wamphamvu" ndi "waluso lobadwa nalo", onetsetsani kuti kusiyanako kukuchokeradi m'kasewerede.

10. Nanga wopambana magemu amadzudzulidwanso?

Inde. Brock Purdy anali womalizira kusankhidwa mu 2022, pa nambala 262. Atayamba kupambana ndi San Francisco, mkangano unakhala woti si luso lake koma la mphunzitsi Kyle Shanahan ndi akatswiri omuzungulira. Cam Newton anamuika m'gulu la ongosunga gemu osaiwononga. Purdy anafika ku Super Bowl mu Febuluwale 2024. Taonani kukhota kwake: timu ikakhala yoipa mlandu ndi wa quarterback, ikakhala yabwino ulemu ndi wa timu. Nambala ya draft imamutsatira munthu zaka zambiri, chifukwa amene analosera safuna kuoneka olakwa.

11. Bwanji amakambidwa za khalidwe ndi maonekedwe, osati mpira wokha?

Chifukwa quarterback amatengedwa ngati nkhope ya timu ndi ya mzinda. Nthawi zina kudzudzulako kumakhala ndi maziko. Mu Novembala 2022 Jets itagonja 10 kwa 3, Zach Wilson anafunsidwa ngati mbali yogoletsa inakhumudwitsa otchinga. Anayankha kuti ayi. Anzake omwe sanasangalale, anaikidwa pa benchi, ndipo anapepesa. Pamenepo atolankhani anafunsa funso loyenera.

Koma zina n'zongozunza munthu. Caleb Williams ananyozedwa chifukwa chopaka utoto zikhadabo zake ndiponso chifukwa cholira m'manja mwa amayi ake timu yake ya ku yunivesite itagonja mu 2023. Mu 2020 Dak Prescott anaulula kuti ankavutika maganizo, mchimwene wake atadzipha chaka chomwecho. Skip Bayless ananena pa wailesi kuti samumvera chisoni pa kuulula zimenezi poyera, poti mtsogoleri saonetsa kufooka. Kunena zotere kwa munthu woferedwa n'kupanda umunthu, ndipo kumaphunzitsa anyamata oonera kuti mwamuna azifera mumtima.

12. Koma si amalandira mamiliyoni? Asadzudzulidwe bwanji?

Adzudzulidwe ndithu. Caleb Williams anasaina kontirakiti ya madola oposa 39 miliyoni, ndipo ochemerera amene amalipira matikiti ali ndi ufulu womva zoona. Pa ma sack ake 68 aja, ena anali ake: ankasunga mpira nthawi yaitali pofuna kuchita zodabwitsa. Kunena zimenezi ndi ntchito yeniyeni ya mtolankhani. Malipiro amalungamitsa kuunika kasewerede ka munthu. Salungamitsa zimene zatchulidwa kumapeto kwa funso 11, kapena kumuweruza kuti watha ali ndi magemu asanu.

13. Kodi si bwino kuti wachinyamata ayambe wakhala pa benchi?

Zitsanzo zokoma zilipo. Aaron Rodgers anadikira zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre ku Green Bay, ndipo Jordan Love anadikira zaka zitatu kumbuyo kwa Rodgers. Mahomes anayamba gemu imodzi yokha mu 2017, chaka chotsatira n'kuponya ma touchdown 50. Koma matimu onsewa anali ndi quarterback wodalirika kale ndipo nthawi zambiri ankapambana, choncho panalibe wokuwa. Timu yofooka ilibe mpata umenewo, pa zifukwa za m'mafunso 3 ndi 6. Ikamukhazika, atolankhani amafunsa sabata iliyonse kuti alowa liti. Ikamulowetsa, amafunsa kuti bwanji mwamufulumizitsa.

Young anaikidwa pa benchi atasewera magemu awiri okha a 2024, ndipo ambiri analemba kuti zake zatha. Anabwereranso sizoni yomweyo akusewera modekha kuposa kale.

14. Ndingasiyanitse bwanji kudzudzula kwanzeru ndi phokoso chabe?

Wodzudzula wanzeru amakuonetsani chinthu. Amagwiritsa ntchito kanema wojambulidwa m'mwamba, woonetsa osewera onse 22, ndipo amaloza kuti uyu anali poyera, mpira unachedwa, kapena woteteza uyu anaphonya munthu wake. Amatchula aphunzitsi ndi anzake a mnyamatayo. Amayerekeza gemu ya lero ndi ya mwezi watha kuti aone ngati cholakwa chomwecho chikubwerezedwa. Waphokoso amalankhula za mtima, za nkhope, za "magazi a upambani", zinthu zimene palibe angaziyeze, ndipo chigamulo chake chimasintha Lolemba lililonse.

15. Kodi olosera molakwa amakumana ndi chilichonse?

Kawirikawiri ayi. Polian anavomereza poyera mu 2019 kuti analakwitsa pa Jackson, ndipo zimenezi sizichitikachitika. Limbaugh anachoka pa ESPN, monga tanenera m'funso 9, koma pulogalamu yake ya pa wailesi inapitirira. Fox Sports inatulutsa chikalata chotsutsana ndi zimene Bayless ananena za Prescott, koma iye anapitiriza kuyendetsa Undisputed mpaka 2024.